Bakuli la Maluwa Ofiira

Kumasi,
14 Januwale

Okondedwa Amayi,

Mtendere ukhale nanu, inu ndi onse a pakhomo. Mukudzuka bwanji ndi mphepo ya fumbiyi? Bondo lija likuti bwanji? Mafuta opaka amene ndinatumiza ndikudziwa kuti munawapatsa aneba, chifukwa inu mankhwala mumawakhulupirira akakhala pa mwendo wa munthu wina. Ine kuno ndili bwino, kupatula khosi, ndipo za khosilo muzimva posachedwapa.

Ndalemba kalata chifukwa foni yanga simukuyankha. Masabata awiri tsopano, ndipo ndamva kuti ikangolira mumaivundikira ndi lichero. Achimwene a Dawuni, ndikudziwa kuti ndinu amene mukuwawerengera Amayi mokweza. Muwerenge zonse monga zalembedwera. Musadumphe mzere ngati muja munachitira ndi kalata ya adokotala yoletsa mchere, chifukwa ndidzawafunsa Amayi ndime ndi ndime. Penapake mukumana ndi nkhani yanu. Mukafika pamenepo mungomwa madzi n'kupitiriza.

Ndiyambe ndi chachikulu. Mdzukulu wanu Sanatu ali kuno kwa ine. Ali moyo, akudya, ndipo pamene ndikulemba pano akutsuka mbale zimene zinali zotsuka kale. Sali ku Tamale kophunzira kusoka monga mwakhala mukuwauzira anthu. Ine ndikufuna abwerere kumudzi akapitirize sukulu, iye akukana, ndipo munthu amene angamutembenuze mtima ndi mmodzi yekha, inuyo. Pempho langa lili kumapeto. Koma kuti mulimvetse, mundilole ndifotokoze kaye za beseni.

Inde, a Ziblim ogulitsa zilazi aja sananame. Anandionadi pamsika waukulu nditasenza beseni, nditavala nsanza, kumapazi kuli mapatapata osiyana mitundu. Zimene anawonjezera panjira, zoti anandichotsa ntchito ku wailesi, zoti mutu wanga sukuyenda bwino, zoti ndimagona pansi pa mlatho, zimenezo ndi zawo. Ntchito ndikadali nayo. Beseni lija ndiye linali ntchitoyo.

Zinayamba chonchi. Mkulu wathu wa nkhani, a Twumasi, anaimirira pa msonkhano n'kunena kuti atopa ndi kuwerenga zolankhula za andale. Akufuna nkhani yofufuza, yokumba mpaka ku mizu, yokhudza akayayo, atsikana akwathu kumpoto amene adzaza msika kusenza katundu wa anthu. Anati mwana wa zaka khumi ndi zitatu sangangodzuka yekha n'kuyenda ulendo wa tsiku lathunthu. Payenera kuti pali chimunthu china cha mimba yaikulu, chokhala ndi malole ake, chimene chimawatuta m'midzi, ndipo chimunthu chimenecho akuchifuna ndi dzina lomwe. Atatero anayang'ana uku ndi uku, maso awo n'kudzatera pa ine. Amvekere: "Napari, iwe ndiwe wamfupi, chilankhulo ndi chakwanu, ndipo nkhope yakoyo palibe angaipatse zaka zopitirira sikisitini."

Amayi, ndili ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi, monga mumandikumbutsira pa Idi iliyonse. Munthu atandiuza kuti ndikuoneka wa sikisitini, ndinavomera ndisanamvetse n'komwe kuti ntchitoyo ndi yotani.

Ndinagula zovala pa kaunjika n'kuzigubuduza pa fumbi. Katswiri wathu wa makina, bambo wodzikhulupirira kwambiri, anati kachipangizo kojambulira mawu tikabise mu nkhata, chifukwa chilengedwere dziko palibe amene anasechapo nkhata ya mnzake. Tonse tinawomba m'manja kuti nzeru ndi zimenezi.

Chimene tinaiwala ndi chakuti ine chibadwire sindinasenzepo kanthu. Mlandu umenewu ndi wanu. Anzanga akamapita ku chitsime ndi ndowa, inu munkaima pakhomo n'kulengeza kuti mutu wa Napari ndi wa mabuku, wina asayerekeze kuikapo ngakhale chikho. Nthawi imeneyo ndinkanyada. Tsiku loyamba pamsika ndinakukumbukirani kwambiri, koma osati ndi madalitso.

Woyamba kundiitana anali mayi wina wa lesitilanti, wa mikono ngati misi. Anandisenzetsa tomato wodzaza beseni, pamwamba n'kusanjikiza katoni ya nsomba. Ndinayenda mapazi asanu ndi awiri, ndinawerenga. Khosi linapita kumanzere, chiuno kumanja, beseni linasankha njira yakeyake. Tomato anabalalika mpaka ku mzere wa ogulitsa nsapato. Mayi uja anatukwana ine, anatukwana amene anandibereka, pepani, kenako anatukwana kumpoto konse, mudzi ndi mudzi. Ine mantha atandigwira ndinayamba kupepesa m'Chingerezi cha ku yunivesite, chija munachigulitsira mafuta a mtedza wa sheya zaka zinayi. Mayiyo anasiya kutukwana n'kungondiyang'ana kukamwa kuli yasa.

Anandipulumutsa ndi eni ntchito. Atsikana anatola tomato yense m'kanthawi kochepa, mmodzi n'kusenza katunduyo ngati wavala chipewa. Mtsogoleri wawo ndi Azara, wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ali ndi mwana kumsana, ndipo pakamwa pake mpeni umachepa. Anandikhazika pansi n'kuyamba kundiyeza ngati mbuzi yogulitsa. Anatembenuza manja anga, anafinya khosi, kenako anandivula patapata n'kuitana anzake kuti adzaone zidendene zopanda mng'alu ngakhale umodzi.

"Inu amayi inu, musatipusitse," amvekere Azara. "Sikisitini yake iti? Mapazi awa ndi oyendera pa kapeti. Nenani zoona, mwathawa kwa Alhaji uti?"

Ndinaona kuti bodza langa lafa lisanakwanitse ola, ndiye ndinangolowa m'bodza limene anandikonzera iwowo. Ndinavomera kuti ndine mkazi wachinayi wa Alhaji wina wolemera, ndipo ndathawa nkhanza za akazi anzanga. Kuyambira pomwepo dzina langa linakhala Akazi a Alhaji.

Ine ndinapita kukafunsa mafunso, koma sabata yoyamba wofunsidwa ndinali ine. Masana dzuwa likamaswa mtengo, atsikana amadzipinda m'mabeseni awo pamthunzi wa khonde, ndipo nthawi imeneyo inali ya nkhani za Alhaji. Ali ndi magalimoto angati? Amaliza mkonono? Mkazi wamkulu anakutani? Ndinkapeka tsiku ndi tsiku. Alhajiyo ndinamupatsa ndevu zofiiritsa ndi dzino lagolide, pongotengera munthu wina wakwathu konko amene anabwera msanga m'mutu. Mkazi wamkulu ndinamupatsa khalidwe la azakhali a Memunatu, musawauze. Ana a zaka khumi ndi zinayi ankandilangiza za kasungidwe ka banja, ine amene sindinafunsiridwepo ndi mwamuna wa mano onse.

Anandiphunzitsa kupinda nkhata, kuyenda ndi chiuno osati ndi mapewa, ndi kukuwa kuti anthu apatuke. Tsiku limene palibe wandiitana ankandigawira phala lawo. Ndinkamwa ndi manyazi, ndikudziwa kuti kunyumba kwanga m'firiji muli nkhuku.

Patatha masiku atatu ndinakapereka nkhata ku ofesi. A Twumasi anaitanitsa aliyense, mpaka osesa omwe, kuti adzamve utolankhani weniweni. Anatsegula. Munalibe mawu a mtsikana ngakhale mmodzi. Kachipangizo kaja kanali kotsekeredwa pakati pa beseni ndi chigaza changa, ndiye chimene kanajambula ndi kulira kwa chitsulo, mafupa a m'khosi akulira ngati nkhuni zouma, ndi ine ndikubuula, kuitana Mulungu, kuitana inu, ndipo penapake kuwatchula a Twumasi mayina atatu amene sanapatsidwe ndi makolo awo. Anamvetsera mpaka dzina lachiwiri n'kuzimitsa. Mpaka lero ndikalowa mu ofesi anzanga amabuula.

Kachipangizoko tinakasamutsira pachifuwa, mkati mwa bulauzi. Apo ndiye ndinayamba kumva zinthu, ndipo kuseka kunachepa. Atsikanawa amagona m'makhonde a mashopu, ndipo alonda ena salola kuti mwana agone pakhonde ulele. Chimene amafuna sindilemba, achimwene angachite chibwibwi powerenga. Mwana wa Azara anabwera mwa njira imeneyo. Ambiri amameza timapiritsi ta mumsewu m'mawa uliwonse kuti msana usamveke. Mvula ikagwa amaimirira mpaka ikate, beseni kumutu ngati ambulera. Wina wa zaka khumi ndi zitatu anandionetsa paliwombo pake, tsitsi linatha kalekale, pangotsala posalala. Ankafotokoza akuseka. Ine ndinapsa mtima kwambiri, Amayi, ndipo ndinalumbira kuti chimunthu cha mimba chija ndichipeza ndithu.

Ndinaphunziranso kuti munthu wosenza beseni alibe nkhope. Mayi wa nyumba imene ndimachita lendi, amene timapatsana moni m'mawa uliwonse, anandisenzetsa mkoko wa nthochi kuchokera pakati pa msika mpaka kokwerera magalimoto. Njira yonse ankalankhula pa foni, ndipo mwa zina ankadandaula za mtsikana wa pa wailesi amene amawononga madzi. Ponditula sanandiyang'ane n'komwe. Ndinadzimva wotetezeka, n'kuiwala kuti akwathu okha ndi amene amayang'ana kayayo kumaso.

Ndiye ndinayamba kufunsa mochenjera, mmodzimmodzi, kuti kodi anakubweretsa kuno ndani. Uyu akuti amayi anga. Uyu akuti azakhali. Uyu akuti agogo anagulitsa nkhanga ziwiri kuti ndikwere basi. Nditafunsa za bwana wa malole, Azara anaseka mpaka mwana kumsana anadzuka.

"Bwana wake uti? Akazi a Alhaji, inu pokwatiwa munalowa m'nyumba ndi chiyani? Si mabakuli? Nanga ife atigulire ndani? Ukalowa chimanjamanja, mkazi mnzako amakubwereka mbale akuimba nyimbo."

Onse nkhani yake ndi imodzimodzi. Mabakuli, mapoto, mabeseni a maluwa, nsalu, zoti akadzakwatiwa adzasanje m'chipinda mpaka kudenga, anthu adzaone. A Twumasi nditawauza anakwinya nkhope. Anati mbale singakhale mutu wa nkhani, mbale sungaitengere ku khoti. Ndibwerere ndikapeze munthu, wa dzina ndi nkhope.

Ndi sabata imeneyo pamene a Ziblim anatsika ndi zilazi zawo. Mwa atsikana onse a pamsika, anakodola ine. Ndinakokera mpango kumaso n'kusenza. Tinayenda bwinobwino mpaka pamene ananditula, mpango n'kugwa. Anandiyang'ana, anayang'ana kumwamba, anandiyang'ananso. Ndinasintha mawu n'kuwauza kuti andifananiza ndi wina. Iwo amvekere: "Chipumi ichi ndi cha malemu bambo ako a Mahama, ndingachidziwe ngakhale pakati pa anthu chikwi. Napari mwana wanga, sukulu yonse ija yathera apa?" Anayamba kulira, Amayi, bambo wamkulu, atandigwira dzanja, akundikoka kuti tiye ndikakukweze basi lero lomwe.

Tsopano ndevu za a Ziblim mukuzidziwa mtundu wake, ndipo dzino lawo lija mukulidziwa. Azara ataona bambo wa ndevu zofiiritsa ndi dzino lagolide akukoka Akazi a Alhaji, sanafunse munthu. Anangokuwa kuti wabwera! Atsikana makumi awiri anatulukira mbali zonse akuwomba mabeseni, akukuwa kuti Alhaji wankhanza, Alhaji wopanda manyazi, lero uona. A Ziblim anathamanga. Sindinkadziwa kuti munthu wovala mkanjo angathamange choncho. Anadumpha ngalande, anataya nsapato imodzi, zilazi anachita kutumiza munthu kudzatenga. Mbali imeneyi ndikukhulupirira kuti kumudzi sanaifotokoze. Mundipepesere, ndipo muwauze kuti nsapato ndawasungira.

Phokoso limenelo linaitana atsikana a mbali ina ya msika, kumene ine sindinkafika. Pakati pawo panali kamtsikana kowonda, beseni lalikulu kuposa iko, kakukuwa nawo mosangalala kosaona n'komwe amene akuthamangitsidwa. Kanatembenuka. Tinayang'anana. Kanati, "Azakhali?" Beseni lake linagwa. Langa linali litagwa kale, monga mwa masiku onse.

Achimwene, apa ndi pomwa madzi paja. Anali Sanatu, mwana wanu.

Bodza linathera pomwepo, chifukwa Sanatu, misozi ili chuchuchu, anauza msika wonse kuti awa ndi azakhali anga a pa wailesi, sanakwatiwepo chibadwire. Mbali yomalizayo sinali yofunika kuinena, koma anainena kawiri. Ndinatulutsa kachipangizo m'bulauzi n'kuulula zonse. Ndinkaganiza kuti Azara akwiya chifukwa cha kujambula, koma chimene chinayamba kumupweteka ndi Alhaji.

"Ndiye kuti Alhaji kulibe? Mkazi wamkulu kulibe? Nanga bambo tathamangitsa uja ndi wa ndani? Inu amayi inu, phala lathu lija munkalimeza bwanji?"

Anakhala masiku awiri osandilankhula. Tsiku lachitatu anandiitanitsa n'kundiuza kuti zonse zimene ndinajambula mobisa ndifufute iye akuona, chifukwa mawu a munthu si tomato woti ungotola pansi. Ndinafufuta, mtima ukuwawa, ntchito ya masabata atatu. Kenako analanda kachipangizo, anakhazika anzake pamzere, n'kuyamba kufunsa yekha mafunso, ine atandibereketsa mwana wake. Amayi, zimene anatulutsa mtsikana ameneyu tsiku limodzi, ine ndi digiri yanga sindikanazipeza chaka chathunthu. Amadziwa pofunsa, amadziwa pokhala chete, ndipo wina akayamba kukometsera amamudula kuti iwe, nena za mlonda uja, usatinamize. A Twumasi atamvetsera anafunsa kuti mtolankhani ameneyu anaphunzira kuti, ndipo sindinasangalale ndi mmene anandiyang'anira. Za Azara ndi anzake sindinazithetse, wailesi imangolankhula basi. Koma ulendo uno alankhula okha, akudziwa kuti akumvedwa.

Tibwerere ku tsiku lija. Sanatu ndinapita naye kunyumba, anasamba, anadya mpunga mbale zitatu. Kenako ndinamufunsa funso langa lija, limene ndinafunsa atsikana onse aja: anakutumiza ndani? Anangomasula nkhata yake n'kuiyala pa tebulo. Ndi nsalu yanu yabuluu ya nyenyezi zoyera, imene munavala tsiku limene ndinalandira digiri.

Akuti munamupindira nokha. Akuti munamuperekeza mpaka pamsewu ndi bondo lanulo, n'kumuuza kuti asakhale ngati azakhali ake a Napari amene sukulu inawadyera ukwati, apite akapeze mabakuli ake nkhope ikadali yosalala. Akuti munamulangiza kuti Kumasi ndi wamkulu, akandizembe, ndipo akamva mawu anga pa wailesi ya m'shopu asamanene kuti ndi abale ake. Akuti bambo ake tsiku limenelo analawirira kumunda, ndipo mpaka lero sanafunsepo kuti telala wa ku Tamaleyo dzina lake ndani.

Ndiye ndi zimenezo, Amayi. Masabata atatu ndathyoka khosi, ndatukwanidwa, ndathamangitsitsa munthu wosalakwa, kufunafuna chimunthu cha mimba ndi malole. Ndachipeza. Ndi mayi wowonda wa bondo lotupa, wosaphonya mapemphero a swala, amene amabisira adzukulu ake nyama pansi pa ndiwo. Ndinaseka mpaka Sanatu anachita mantha. Kenako ndinalira, ndipo kulirako kunatenga nthawi yaitali kuposa kuseka.

A Twumasi atamva anavina ali pampando. Anati iyi ndi nkhani ya mphotho, mtolankhani wafufuza mpaka kugwira mayi ake omubereka. Ankafuna nditenge makina ndibwere ndidzakufunseni mafunso pakhomo panu pomwepo. Ndinawauza kuti akafuna apite okha, koma anyamule nsapato zothamangira, chifukwa Azara ndi mwana poyerekeza ndi inu. Tinakangana masiku awiri, ndipo ndinapambana. Pulogalamuyo iulutsidwa Loweruka la sabata yamawa, ndipo kwanuko imveka kudzera ku Tamale. Dzina lanu mulibe, la mudzi mulibe, mawu a atsikana tawasintha. Koma mudzamva kamwana kena kakunena kuti agogo anga anandipindira nkhata. Anapempha yekha kuti mawu amenewo akhalemo. Wailesi musaivundikire ndi lichero.

Sindikukuzengani mlandu. Ndikudziwa kumene zachokera. Inu munalowa m'nyumba ya bambo ndi bakuli limodzi lobooka ndi mphika wobwereka, ndipo mkazi mnzanu anakuimbani nyimbo zaka makumi atatu, mpaka pa mphasa yake yomaliza ankanenabe. Munalumbira kuti mwana wa m'nyumba mwanu sadzasekedwanso. Ndicho chifukwa kuyambira ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri mwakhala mukundigulira mabakuli, limodzilimodzi, nyengo ya sheya iliyonse. Afika kudenga. Lachisanu lililonse mumawatsitsa, kuwapukuta, kuwasanjanso, n'kundiimbira foni kundiuza kuti mabakuli akundipatsa moni.

Sanatu wakhala kuno miyezi inayi, ndipo chimene wapeza ndi kapoto kamodzi kopanda chogwirira. Akuti kumudzi sabwerera nako. Anzake amene ananyamuka nawo limodzi adzatsika basi ndi mitolo, iye adzasekedwa mpaka ku chitsime. Ndamuopseza, ndamunyengerera, ndamulonjeza yunifolomu ndi nsapato zatsopano. Amvekere: "Azakhali, mukandikweza basi mokakamiza, ndikatsikira pa siteji yoyamba n'kubwerera. Msikawu ndikuudziwa kuposa inu, simudzandipezanso." Ndipo akunena zoona. Beseni lake lili kuseri kwa chitseko changa, wakana kulitaya. Ndikamapita ku ntchito m'mawa sindidziwa ngati ndilipeze pobwera.

Pempho langa ndi ili. Mabakuli anga mumupatse Sanatu. Onse, ndi mabeseni omwe, ndi nsalu za m'sutikesi. Mumupatse masana, anthu akuona, kuti pasapezeke wonena kuti anabwera chimanjamanja. Mukatero muwatsekere m'chipinda chanu chomwecho, kiyi mumange pa nsalu, ndipo wina asawakhudze mpaka mwanayu atamaliza sukulu. Akabwera mwamuna kudzafunsira nthawiyo isanakwane, mumutumize kwa a Ziblim akamufotokozere mmene atsikana a masiku ano amalandirira alendo.

Ndikudziwa kulemera kwa chimene ndikupempha. Si zitsulo chabe. Mukawapereka ndiye kuti mwavomera pamaso pa mudzi wonse kuti ukwati wa Napari mwasiya kuudikira, ndipo azakhali a Memunatu akhala ndi cholankhula mpaka Idi inayo. Zikupwetekani, ndipo ine zikundiwawa kuti wokupwetekani ndine. Koma kuno ndimadyera mbale imodzi ndipo ndimakhuta. Mwamuna akadzapezeka, wa mano onse kapena ochepa, adzadyera mu poto.

Foni musavutike kuyankha, ndikudziwa kuti mawu otere satuluka pakamwa panu. A Ziblim akutsikanso ndi zilazi Lachinayi la sabata yamawa, ngati mtima wawo wabwerera m'malo. Muwapatsire chivundikiro cha bakuli lalikulu la maluwa ofiira lija, lapansi penipeni, limene munayamba kugula. Chivundikiro chokha. Mawu anga Sanatu sawakhulupirira, popeza waona yekha kuti azakhali ake amatha kupeka Alhaji wathunthu ndi akazi ake atatu. Koma chivundikiro chimenecho akuchidziwa, wakhala akukuthandizani kuchipukuta kuyambira ali wamng'ono. Akachiona adzachinyamula yekha kudzavundikira bakuli lake. Sukulu zatsegulira kale, ndipo aphunzitsi ake andiuza kuti amulandira akafika mwezi uno usanathe.

Mupereke moni kwa amalume ndi akazi awo onse awiri, kwa asuweni anga ndi ana awo. Kwa alamu anga amake Sanatu, amene ndikudziwa kuti akumvetsera kuseri kwa chitseko, muwauze kuti mwana wawo wayamba kubwerera masaya. Kwa azakhali a Memunatu moni wokha. Achimwene, zikomo powerenga mpaka pano, ndipo ngati mawu anatha penapake, sindikusekani. Azara akupereka moni kwa apongozi a Alhaji, akuti tsiku lina adzabwera adzakufunseni mafunso yekha.

Dzulo ndinkamupesa Sanatu. Paliwombo payamba kale kusalala, malo ngati chikhatho cha khanda. Ndinagwira panga, tsitsi lilipo lonse, chifukwa zaka zija mayi wina anaima pakhomo n'kuletsa ngakhale chikho. Mayi ameneyo ndikumupempha aimenso pakhomo. Bondo likavuta, atsamire chitseko.

Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mwana wanu wa khosi lopindika,
Napari